Mmene mungayezere olemba ndemanga za NFL musanayambe kuwakhulupirira

Masewero akuluakulu a NFL, ligi ya mpira wa ku Amereka (American football), amayamba kuno tili mtulo. A Lamlungu usiku amayamba 8:20 ku New York, pomwe kuno imakhala 2:20 m'bandakucha wa Lolemba, ndipo kuyambira mu Novembala, Amereka akabweza mawotchi awo, imakhala 3:20. Matimu alipo 32, iliyonse imasewera ka 17, masewero onse pamodzi 272 isanafike ndime ya chipulula. Palibe amene amaonera onsewo. Ambirife timadzuka, kuona timavidiyo ta mphindi zochepa, kenako n'kuwerenga zomwe ena alemba. Ndiye kuti munthu amene mumamuwerengayo ndi amene akukuonerani mpira, ndipo akaona molakwika, inunso mukakangana ndi anzanu pa WhatsApp mutanyamula zolakwika zakezo.

Olemba za mpirawu ndi ankhaninkhani, ndipo kutchuka kwa munthu sikukuuzani za luso lake. Muyezo wanga ndi umodzi: wolemba wabwino amasiya poyera njira yomwe wadutsa kuti afike pa maganizo ake, kuti inu muilondole n'kuona ngati ikufikadi kumeneko. Wongokupatsani chigamulo chokha, ngakhale achilembe mokoma chotani, mulibe pomugwira. Kuti muyeze mufunika foni, kabuku kolembamo ndi masabata angapo a sizoni.

Yambani ndi kudziwa ntchito yake

Si onse olemba za NFL amene amagwira ntchito imodzi. Adam Schefter wa ESPN ndi Ian Rapoport wa NFL Network ntchito yawo ndi kukhala oyamba kunena kuti wakuti wasaina, wakuti wavulala, mphunzitsi wakuti amuchotsa. Alipo ena amene amalondola timu imodzi chaka chonse, kupita kokonzekera masewero ndi kufunsa mafunso tsiku ndi tsiku. Alipo ounika, monga Bill Barnwell wa ESPN, amene amatenga masewero omwe atha n'kufotokoza chomwe chinachititsa. Peter King, yemwe analemba danga lake la Lolemba m'mawa ku Sports Illustrated kuyambira 1997, n'kusamukira ku NBC mu 2018 mpaka kupuma mu 2024, ankasakaniza zonse: zomwe wamva kwa aphunzitsi pa foni usiku wa masewero, maganizo ake, ngakhale za khofi yemwe wamwa. Ndiye pali a mikangano ya pa kanema, monga Skip Bayless, omwe amalipidwa kuti anthu asachoke pa wayilesi.

Aliyense mumuyeze pa zomwe amalonjeza. Schefter musamufunse chifukwa chomwe timu yagonjera, Barnwell musamudikire kuti akuuzeni za kontrakiti isanasainidwe. Za a mikangano aja sindichedwapo, si ndemanga zimenezo.

Tengani nkhani imodzi, muigawe pawiri

Sankhani nkhani imodzi yomwe walemba sabata ino. M'kabuku muja jambulani mzere pakati pa tsamba. Kumanzere lembani zonena zake zomwe mungathe kukazifufuza: timu yakuti inataya mpira katatu, quarterback (woponya mpira amene amatsogolera timu ikamaukira) anagwetsedwa kasanu, pa third down (mwayi wachitatu mwa inayi yomwe timu imapatsidwa kuti ipite patsogolo) anapambana kawiri pa maulendo 11. Kumanja lembani zomwe palibe angazitsimikize: anyamata analibe mtima, timuyi imadziwa kupambana, anzawo ankaufuna kwambiri. Mbali ya kumanja ikadzaza kumanzere kuli mbee, mwadziwa kale. Za kumanzerezo tengani ziwiri kapena zitatu mukaziyang'ane pa Pro Football Reference, pomwe pali ziwerengero za masewero onse ndipo salipiritsa pa zambiri zomwe mungafune.

Nkhani ya Tim Tebow, quarterback wa Denver, mu 2011 ndiyo imaonetsa bwino kusiyana kwa mbali ziwirizi. Denver inapambana masewero 7 mwa 11 omwe iye anayamba, angapo mwa iwo kumapeto kwenikweni, ndipo olemba ambiri anadzaza masamba ndi mawu oti mnyamatayu amangodziwa kupambana basi. Amene ankalemba za kumanzere ankanena kuti pa mipira 100 iliyonse yomwe waponya, yofika m'manja mwa mnzake sinkakwana 47, ndipo kuti masewerowo ankawasunga ndi otchinga ngati Von Miller ndi mwendo wa Matt Prater. Akuluakulu a timuyo anaonetsa mbali yomwe anali: mu Malichi 2012 anasaina Peyton Manning n'kutumiza Tebow ku New York Jets.

Chenjeraninso ndi amene amawerenga mapointi a pa tebulo okha. Minnesota Vikings ya 2022 inapambana 13 n'kugonja 4, koma mukaphatikiza sizoni yonse inachinya mapointi 424 n'kuchinyidwa 427. Masewero 11 omwe anathera pa kusiyana kwa mapointi 8 kapena ochepera inapambana onse. Wolemba wodziwa ntchito ananena zimenezi mu Disembala, New York Giants isanawatulutse pa ndime yoyamba ya chipulula. Wonena mu Januwale anangowerenga zomwe tonse tinaona.

Onani mmene amaweruzira chisankho chomwe sichinayende

Apa ndiye pofunika kukhalitsa, chifukwa olemba ambiri amagwera pomwepa. Mu mpirawu timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipite patsogolo mayadi 10. Ikafika pa mwayi wachinayi, womwe ndi fourth down, mphunzitsi amasankha: kumenya mpira kutali n'kuupereka kwa adani, kapena kuyesa kupeza mayadi otsalawo, podziwa kuti akalephera adani ayambira pomwepo. Chisankhochi chimapangidwa zotsatira zisanadziwike, koma chimaweruzidwa zitadziwika, ndipo mvula ikagwa kumachuluka zoliralira.

Pa 15 Novembala 2009, New England Patriots inkatsogola 34-28 ku Indianapolis, kutatsala mphindi ziwiri ndi masekondi ochepa. Inali pa fourth down, kutatsala mayadi awiri, pa mzere wa 28 wa mbali yawo yomwe. Mphunzitsi wawo Bill Belichick anati tiyese. Quarterback wawo Tom Brady anaponyera Kevin Faulk, ndipo anaperewera pang'ono. Manning, yemwe panthawiyo anali quarterback wa Indianapolis Colts, analandira mpira pafupi, Colts inapambana 35-34. M'mawa mwake pafupifupi aliyense analemba kuti Belichick wadzikuza ndipo wanyoza otchinga ake. Brian Burke, yemwe panthawiyo ankayendetsa tsamba lake la ziwerengero ndipo pambuyo pake analembedwa ntchito ndi ESPN, anawerengera kuti kuyesa kunkapereka mwayi wopambana wa 79 pa 100, pomwe kumenya mpira kutali kunkapereka 70. Mutha kutsutsana ndi masamu akewo, ena anatsutsadi. Koma anaika poyera manambala omwe anagwiritsa ntchito, moti wotsutsa anali ndi pogwira. Olemba za kudzikuza aja sanafunse n'komwe funso loyamba: Manning akanapatsidwa mayadi 70 ndi mphindi ziwiri, akanalephera kangati?

Super Bowl (masewero omaliza olimbirana chikho) ya pa 1 Febuluwale 2015 ndi chimodzimodzi. Seattle inatsala ndi yadi imodzi kuti ichinye Patriots, ikutsalira 28-24, kutatsala masekondi 26, ili ndi mwayi umodzi wokha woimitsa wotchi. M'malo mopereka mpira kwa Marshawn Lynch, Russell Wilson anaponya, Malcolm Butler wa Patriots n'kuulanda. Wolemba waulesi amati ndi chisankho chopusa kuposa zonse, n'kuthera pomwepo. Wakhama amakukumbutsani kuti mpira woponya ukagwa pansi wotchi imaima, koma wothamanga akagwetsedwa imapitirira, kotero kuti Seattle ikhale ndi mwayi wonse utatu inkafunika kuponya kamodzi. Akatero amatha kudzudzulabe, mwina ponena kuti kuponyera pakati podzaza anthu ndiye kunali kulakwa. Ine ndimaona kuti kudzudzula kotereku n'komveka. Chomwe ndikufuna muone n'chakuti wadutsa kaye pa nkhani ya wotchi.

Kayezedwe kake n'kosavuta. Pezani zomwe wolemba wanuyo analemba pa zisankho ziwiri zofanana, china choyenda, china chosayenda. Mu Febuluwale 2018 mphunzitsi Doug Pederson wa Philadelphia anayesa pa fourth down ndi kachenjerero koponyera quarterback wake Nick Foles, zinatheka, ndipo anamutcha wolimba mtima. Mu Januwale 2024 Dan Campbell wa Detroit anayesa kawiri pa fourth down m'chigawo chachiwiri ku San Francisco, zonse zinakanika, timu yomwe inkatsogola 24-7 inagonja 34-31, ndipo anamutcha wosasamala. Pa ulendo woyambawo mpira unafika m'manja mwa Josh Reynolds, iye n'kuugwetsa. Ngati wolemba wanu anayamika Pederson n'kunyoza Campbell popanda kufotokoza kusiyana kwa malo, nthawi ndi mapointi, ndiye kuti amaweruza zotsatira, ndipo zotsatira mutha kuziwerenga nokha.

Fufuzani ngati amaona zomwe kamera sionetsa

Pabwalo pamakhala osewera 22, koma kamera ya pa kanema imalondola mpira, moti otchinga akumbuyo amatuluka pa chithunzi mpira ukangoyamba. Aphunzitsi amagwiritsa ntchito kanema wojambulidwa pamwamba wotchedwa All-22, ndipo kuyambira 2012 ligi inayamba kugulitsa kanemayu kwa aliyense. Kuchokera pamenepo wolemba alibenso pothawira.

Paul Zimmerman wa Sports Illustrated, yemwe ankatchuka kuti Dr. Z, ankachita zimenezi kalekale. Iye mwini anasewerapo pa mzere wa kutsogolo ali ku koleji, ndipo ankajambula masewero papepala, kulemba yemwe watchinga yani. Posankha osewera abwino a chaka ankatha kutchula guard (mmodzi mwa oteteza quarterback) yemwe ochemerera ambiri sanamumvepo. Muyezo wake ukugwirabe ntchito. Werengani nkhani zitatu za wolemba wanu, muwerenge kuti watchula kangati dzina la mmodzi mwa amuna asanu oteteza quarterback, kapena kufotokoza mmene otchinga anaimira. Ngati pa nkhani zonse zitatu timu ikapambana ndi quarterback, ikagonja ndi quarterback yemweyo, munthuyo waonera zomwe inunso mwaonera.

Manambala nawo asakuopsezeni. Mudzakumana ndi miyezo ya kasewedwe monga DVOA, yomwe anayambitsa Aaron Schatz wa Football Outsiders, ndi EPA, ndi magiredi a Pro Football Focus (PFF). Onse ndi othandiza, koma magiredi a PFF amaperekedwa ndi anthu oonera kanema amene sauzidwa chomwe mphunzitsi analamula wosewera aliyense. Wolemba wabwino amakuuzani chomwe nambala ikuyeza ndi chomwe ikusiya. Wongoiponya kuti atseke pakamwa owerenga sasiyana ndi uja wa "analibe mtima".

Funsani: wamuuza ndani, ndipo wapindula ndani?

Nkhani zambiri za NFL zimachokera kwa anthu osatchulidwa maina. Si cholakwika pachokha, chifukwa wogwira ntchito m'timu akayankhula poyera ntchito imatha. Koma aliyense woulula ali ndi chomwe akufuna. Mukawerenga kuti wina wodziwa za nkhaniyi wanena, imani n'kudzifunsa kuti nkhaniyi ikukomera ejenti, timu kapena likulu la ligi.

Mu Januwale 2015, Patriots itagonjetsa Colts 45-7, Chris Mortensen wa ESPN analengeza kuti mipira 11 mwa 12 ya Patriots inapezeka ndi mpweya wochepa ndi mapaundi awiri pa mlingo wovomerezeka. Dziko lonse linanyamula nambala imeneyo. Lipoti la Ted Wells, yemwe ligi inamutuma kufufuza nkhaniyi, litatuluka mu Meyi, miyezo yeniyeni sinagwirizane nayo, koma maganizo a anthu anali atakhazikika kale. Mortensen anali mtolankhani wolemekezeka wa zaka zambiri, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi ili yofunika: gwero likamunamiza, mbiri yake simutetezani inu. Mu 2021 Los Angeles Times inaulula kuti mu 2011 Schefter anatumiza nkhani yake yonse isanasindikizidwe kwa Bruce Allen, mkulu wa timu ya Washington, kuti aione kaye. Nkhaniyo inali ya mkangano wa eni matimu ndi osewera, ndipo Allen anali wa mbali imodzi.

Kukana kwa timu nakonso si umboni woti wolemba wanama. Mu Januwale 2018 Seth Wickersham wa ESPN analemba za kusamvana pakati pa Brady, Belichick ndi mwini timu Robert Kraft. Atatuwo anatulutsa chikalata chimodzi chotsutsa. Mu Malichi 2020 Brady anachoka. Kusiyana kwake n'kwakuti nkhani ya Wickersham inali ndi zochitika zambiri zochokera kwa anthu ambiri, pomwe ya mipira ija inatsamira pa nambala imodzi.

Pa makontrakiti ndiye posavuta kugwira munthu. Mu NFL ndalama zambiri za pa kontrakiti sizikhala zotsimikizika, timu itha kumuchotsa wosewera osalipira zotsalazo. Nambala yoyamba kutuluka nthawi zambiri imakhala yokomera ejenti. Mu 2022 zinamveka kuti Von Miller wasaina ku Buffalo zaka 6 pa $120 miliyoni. Zotsimikizika zinali zongopitirira pang'ono $51 miliyoni, ndipo anamumasula atasewera masizoni atatu. Wolemba amene amangobwereza nambala yaikulu osatchula yotsimikizika akugwirira ntchito ejenti kwaulere. Tsamba la Over The Cap limaonetsa kagawidwe ka ndalamazo chaka ndi chaka.

Dziwaninso yemwe amamulipira. NFL Network inakhazikitsidwa ndi ligi yomweyo mu 2003, ndipo mu Ogasiti 2025 analengeza mgwirizano woti ESPN itenge wayilesiyi, ligi n'kulandira magawo 10 pa 100 a ESPN. Izi sizitanthauza kuti onse a kumeneko ndi abodza, koma muziyembekezera kuti pali nkhani zina zomwe sangaziyambitse. Chiyambire 2018, pomwe khoti lalikulu la Amereka linachotsa lamulo loletsa kubetcha pa masewero m'zigawo zambiri, makampani a kubetcha alowa paliponse. Danga likamathera pa kukuuzani timu yoti muikepo ndalama, onani dzina la kampani yomwe ili pamwamba pa tsambalo.

Bwererani ku zomwe analemba kale

Lembani dzina lake pa Google pamodzi ndi chaka chakale ndi mawu oti draft. Nthawi yosankha osewera ochokera ku makoleji, mu Epulo, ndi pomwe olemba amalosera molimba mtima kwambiri pa zinthu zomwe palibe akudziwa. Brady anasankhidwa pa nambala 199 mu 2000. Brock Purdy anali womaliza, pa 262, mu 2022, ndipo pasanathe zaka ziwiri anali akusewera Super Bowl. Seattle itasankha Bruce Irvin, Bobby Wagner ndi Wilson mu 2012, olemba angapo anaipatsa magiredi otsika, koma mu Febuluwale 2014 anyamata omwewo anatenga chikho pogonjetsa Denver 43-8.

Choncho musamuchotse munthu chifukwa analosera molakwika, onse amalakwa, ngakhale matimu omwe amalipira anthu ambirimbiri kuti afufuze. Yang'anani zinthu ziwiri. Choyamba, analankhula motsimikiza chotani? Mel Kiper Jr., yemwe wakhala pa ESPN kuyambira 1984, ananena mu 2010 kuti Jimmy Clausen akapanda kuchita bwino iye asiya ntchito. Clausen sanachite bwino, timu yake ya Carolina inatenga quarterback wina, Cam Newton, chaka chotsatira, ndipo Kiper sanasiye. Chachiwiri, atalakwa anabwerera kudzafotokoza chomwe sanachione? Bill Polian, yemwe anamangapo matimu amphamvu asanakhale wounika pa kanema, ananena mu 2018 kuti quarterback Lamar Jackson asinthe akhale wolandira mipira. Jackson anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu 2019, ovota onse 50 atagwirizana, n'kusankhidwanso mu 2023. Polian anavomera poyera kuti anaphonya, ndipo pa zimenezo ndimamupatsa ulemu kuposa ambiri amene amangokhala chete.

Pa nkhani ya Jackson ndi Newton pali china choti muzitchera khutu. Kwa zaka zambiri ma quarterback akuda ankafotokozedwa ndi mawu a thupi, liwiro ndi mphamvu, pomwe azungu ankafotokozedwa ndi mawu a nzeru ndi utsogoleri. Newton asanasankhidwe, lipoti lina lotchuka linafika pomuweruza kuti kumwetulira kwake n'kwachinyengo. Mukaona wolemba akuweruza khalidwe la mnyamata yemwe sanakhale naye n'komwe, zimenezo zilembeni kumanja kwa tsamba lija.

Onani ngati amakhudza nkhani zowawa

Izi sizitenga nthawi. Fufuzani dzina lake pamodzi ndi nkhani ya kuvulala kwa ubongo. Alan Schwarz wa New York Times anayamba kulemba za vutoli mu 2007, ligi ikukanabe kuti lilipo, ndipo pofika 2009 aphungu a Amereka anaitanitsa akuluakulu a NFL kuti adzayankhe. Mu 2020 Washington Post inasindikiza madandaulo a amayi 15 omwe anagwirapo ntchito ku timu ya Washington, ndipo chaka chotsatira ligi inalipiritsa timuyo $10 miliyoni. Si wolemba ndemanga aliyense amene angafukule nkhani zotere, koma zikatuluka, onani ngati anazilemba mozama kapena anaziika pa mzere umodzi pansi pa nkhani ya nyimbo zomwe amakonda.

Tsopano sungani kaundula wanu

Sankhani olemba atatu kapena anayi. Kwa masabata anayi, Lachisanu lililonse lembani chinthu chimodzi chomwe aliyense wanena kuti chichitika pamodzi ndi chifukwa chomwe wapereka. Lachiwiri bwererani. Musangochonga kuti walondola kapena waphonya, onani ngati chifukwa chija ndi chomwe chinagwiradi ntchito. Amene anati timu ipambana chifukwa cha kuthamanga ndi mpira, koma yapambana chifukwa adani anataya mpira kanayi, sanalondole, wangochita mwayi. Amene anati mbali ya kumanzere ya mzere woteteza ivutika, n'kuvutikadi ngakhale timu yapambana, ameneyo musungeni.

Kuyezaku kuchiteni mu Okutobala kapena Novembala, masewero ali mkati. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kulibe mpira weniweni, ndipo ngakhale olemba abwino amadzaza malo ndi mindandanda ya matimu khumi amphamvu ndi nkhani zoti wosewera wakuti wabwera ali bwino kuposa kale. Ena mwa olemba amene mungawakonde ali pa masamba olipira, monga The Athletic, yomwe New York Times inagula mu 2022. Ambiri a iwo amalankhulanso pa ma podcast aulere, choncho muyezeni kumeneko kaye kwa mwezi umodzi musanatulutse madola.